Filimu ya Frida Kahlo: zoona kapena zokometsera?

Achemwali, mwafunsa ngati filimu ya 2002 imene Salma Hayek akuseweramo ikunena zoona za moyo wa Frida Kahlo, katswiri wojambula zithunzi wa ku Mexico, komanso ngati ilipo ina yoti muonere. Zikuluzikulu n'zoona ndithu: ngozi ya basi ya mu 1925 imene inamuthyola msana ali ndi zaka 18, ukwati wake ndi wojambula mnzake Diego Rivera mu 1929, kulekana mu 1939 n'kubwererana chaka chotsatira. Julie Taymor, amene anatsogolera filimuyi, anachita mwaluso posandutsa zithunzi zimene Frida anajambula kuti ziziyenda ngati zamoyo. Nyimbo zakenso n'zokoma, mpake zinapata mphoto ya Oscar.

Chimene chimandinyinyiritsa n'chakuti ululu anaupeputsa. Mayiyu anachitidwa maopaleshoni ambirimbiri, ankavala zomangira msana, ndipo mu 1953 anamudula mwendo wamanja. Koma mufilimumu nthawi yaitali mumamuona akuvina, akumwa, akukangana ndi Diego. Ndale zake zachikomyunizimu angozikhudza pang'ono, Leon Trotsky, mtsogoleri wachikomyunizimu wa ku Russia amene anathawira ku Mexico, akuoneka ngati chibwenzi basi. Kuwonjeza apo, anthu a ku Mexico akulankhulana Chingerezi!

Mukaipeza, onerani ya Paul Leduc yotchedwa Frida, naturaleza viva, ya m'zaka za m'ma 1980, momwe Ofelia Medina ndiye Frida. Mawu ndi ochepa, nkhani sikuyenda mwandondomeko, ikungotsatira zimene akukumbukira ali chigonere pafupi kumwalira. Imafuna kudekha, ena amagona nayo. Ya Carla Gutiérrez ya 2024 ndiye yagwiritsa ntchito mawu a Frida mwini, ochokera m'makalata ndi m'buku limene ankalembamo zakukhosi kwake.