Zithunzi za ukwati zili pa hard drive imodzi: mafunso ochokera ku Thyolo ndi Mulanje

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Luchenza. Ndinagula external hard drive ya 1 TB, ndipo ndikamaliza ntchito ndimasamutsira zithunzi zonse kumeneko n'kuzifufuta mu laputopu kuti isadzaze. Kodi zithunzi za makasitomala anga zatetezeka?

Sizinatetezeke, achimwene. Poyamba zinali malo amodzi, mu laputopu, ndipo panopa zilinso malo amodzi, mu external. Ikadzangogwa pathebulo, mudzawauza chiyani eni ukwati?

Mkati mwa hard drive muli timbale timene timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, mu zina 7,200. Pamwamba pa timbaleto pamayandama kamutu kolemba ndi kuwerenga, ndipo mpata wake ndi wochepa moti kafumbi kamodzi n'kakakulu kuposa mpatawo. Drive ikagunda pansi ili mkati mozungulira, kamutuko kamakanda mbale, ndipo zimene zinali pokandikapo zapita. Ngakhale imene sinagwepo imatha: mota imatopa, kamutu kamafooka, bodi imapsa. Zina zimachenjeza, zina zimangoti zii m'mawa wina.

Akatswiri amayendera lamulo la 3-2-1: makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa inu zikutanthauza ma external awiri kuwonjezera pa laputopu, kapena awiri ndi intaneti. Imodzi izikhala ku studio, inayo kwa m'bale wanu ku Thyolo boma kapena ku Bvumbwe, muzikaitenga kamodzi pa sabata n'kuwonjezeramo zatsopano. Amene anaona matope ndi miyala zikukokolola nyumba ku Mulanje ndi Phalombe nthawi ya Namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa chifukwa chake makope onse sayenera kugona pansi pa denga limodzi. Wakuba nayenso amanyamula chikwama chonse, laputopu ndi external zili momwemo.

Mukafika kuchokera ku ukwati, kopani zithunzi ndi Copy, osati Cut, chifukwa Cut imafufuta pa khadi la kamera musanatsimikize kuti zafika bwino. Mukatha, dinani foda ndi batani lakumanja, tsegulani Properties, ndipo yerekezani chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri. Tsegulani zithunzi zingapo, zakumayambiriro, zapakati ndi zakumapeto. Khadi mulifomate pokhapokha zithunzi zili kale malo awiri, ndipo mulifomate mu kamera momwemo. Mafoda muziwatcha ndi chaka, mwezi ndi tsiku kutsogolo, kuti azisanjika okha.

Werengeraninso malo. Drive ya 1 TB imaoneka ngati 931 GB mu Windows. Chithunzi cha RAW (chosachepetsedwa, monga chachokera mu kamera) cha kamera ya 24 megapixel chimadya pafupifupi 25 mpaka 30 MB, choncho ukwati wa zithunzi 1,500 ndi 40 GB kapena kuposerapo. Maukwati 20 okha drive yatsala pang'ono kudzaza, mavidiyo tisanawawerenge.

Pulogalamu yaulere ya FreeFileSync imakopa zatsopano zokha. Pa njira zake zokopera, sankhani Update osati Mirror. Mirror ndi yoopsa kwa wosaizolowera: chimene mwafufuta molakwitsa mu laputopu imachifufutanso mu external. Mukamaliza zulani external, chifukwa vairasi yotseka mafayilo imagwira drive iliyonse imene yalumikizidwa.

Wokonza makompyuta anandiuza kuti ndizisunga zithunzi pa D osati pa C. Si zokwanira zimenezo?

Zimathandiza pamene Windows yavuta ndipo mukufuna kuikamo ina. Koma mu malaputopu ambiri C ndi D ndi zigawo za drive imodzi. Tsegulani Disk Management muone: ngati zonse zili pa mzere wa Disk 0, drive ikafa zimafera limodzi.

Ndine mayi wa ku Chitakale. External yanga ikulira kuti tika-tika, ndipo kompyuta ikuti ndiyambe ndaifomata. Muli zithunzi za ana anga kuyambira ali makanda komanso za malemu mayi anga. Nditani?

Pepani kwambiri amayi. Choyamba, musavomere kufomata, dinani Cancel ndipo muizule. Musamaizike n'kuizula mobwerezabwereza poganiza kuti mwina ulendo uno iwerenga. Kuyatsa drive imene kamutu kake kavulala kuli ngati kuthamangitsa njinga yamoto yopanda oyilo: mphindi iliyonse ikuwonjezera kuwonongeka.

Pali chinthu chimodzi chokha choti muyese. Drive yaing'ono ya mainchi 2.5 imatenga mphamvu kudzera pa USB, ndipo mphamvu ikachepa nayonso imalira choncho. Pezani chingwe china chachifupi komanso chabwino, muizike mwachindunji pa kompyuta, osadzera pa hub (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB). Ngati ndi desktop, gwiritsani ntchito mabowo akumbuyo. Ikakhala chete n'kutseguka, musataye nthawi kuonera zithunzi: kopani foda yofunika kwambiri nthawi yomweyo, zina pambuyo. Ikapitiriza kulira, imani pomwepo.

Musalole aliyense kumasula chivundikiro chachitsulo cha drive pa benchi ya mu shopu, chifukwa fumbi likalowa ndiye kuti zatha. Zoiika mu firiji ndi malangizo akale amene amangolowetsa madzi mkati. Musalolenso kuti ayendetsepo chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza zolakwika pa drive, chifukwa imalemba pa drive yodwala ndipo imatha kuduladula mafayilo amene akanapulumuka.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wakopa drive yonse kupita pa ina yabwino ndi pulogalamu ngati ddrescue, imene imawerenga malo abwino poyamba n'kubwerera pa ovuta pambuyo. Kenako amafufuza zithunzi pa kope lija ndi PhotoRec kapena TestDisk. PhotoRec imabweza zithunzi koma mayina ndi mafoda ake amasowa, musadabwe nazo. Mufunseni mmisiriyo kuti ayamba ndi chiyani. Akati ayamba ndi kufomata, tengani drive yanu muzipita. Ngati kamutu kafa, pamafunika labotale yopanda fumbi yosinthira ziwalo, monga za ku Johannesburg, ndipo mtengo wake umaposa wa drive zatsopano zingapo. Pakali pano funsani achibale amene munawatumizirapo zithunzizo pa WhatsApp kapena Facebook. Sizikhala zowala ngati zoyambazo, koma nkhope ya mayi anu ikhalapo.

Kuno ku Thyolo, kufupi ndi minda ya tiyi, chinyezi n'chambiri, ndipo magetsi amathimathima. Kodi zimenezi zimawononga drive?

Zimawononga, bambo. Hard drive zambiri zili ndi kabowo kopumira kokhala ndi sefa, ndiye mpweya wonyowa umalowa. Nthawi ya chiperoni kapena dzinja, timapazi ta bodi ndi pakamwa pa USB pamachita dzimbiri lobiriwira, drive n'kumalumikizika n'kuduka. Isungeni m'kontena yapulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo isakhale pansi kapena moyandikana ndi khoma lonyowa. Ngati yachokera pozizira kupita pofunda, idikireni ola limodzi musanaizike. Muziiyatsa pakapita miyezi itatu kapena inayi n'kutsegula zithunzi zingapo.

Za magetsi, choopsa chili pawiri. Akathima kompyuta ili mkati molemba, ndandanda ya mafayilo imasokonezeka, ndipo n'chimene chimabweretsa uthenga uja wofuna kufomata. Akabwera ndi mphamvu, kapena mphezi ikagunda mawaya, bodi imapsa. Laputopu ili ndi batire yake, choncho kopani ili yodzaza. Desktop ndi ma external aakulu a mainchi 3.5, okhala ndi adaputa ya 12 V, amafunika UPS, bokosi la batire limene limapereka mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima. Mabingu akayamba, zulani kukhoma. Kuzimitsa switchi kokha sikokwanira. Ndipo nthawi zonse dinani Eject musanazule.

Kamodzi pamwezi tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere yoonetsa thanzi la drive. Ikalemba Caution, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, kopani zonse tsiku lomwelo ndipo musaidalirenso drive imeneyo. Koma Good sikutanthauza kuti singafe mawa.

Mtundu wina wa drive, wotchedwa SSD, ulibe zozungulira, choncho SSD imapirira kugwa ndi mabampu a pa kabaza. Vuto lake ndi loti imafa mwadzidzidzi, ndipo chimene mwafufuta mu SSD ya mkati mwa laputopu nthawi zambiri sichibwezeka. Siyoyeneranso kuitsekera m'sutikesi zaka zambiri osaiyatsa.

Ine ndilibe kompyuta, zonse zili mu foni. Mnzanga akuti Google imasunga yokha. N'zoona?

Imasunga ngati mwaiuza, achemwali. Tsegulani Google Photos, dinani chithunzi cha akaunti yanu pamwamba kumanja, muone ngati palembedwa Backup complete. Mafoni ambiri amakhala akudikira Wi-Fi miyezi ndi miyezi, mwini wake akuganiza kuti zonse zinakwera kale. Ngati mulibe Wi-Fi, lolani mobile data mu settings tsiku limene muli ndi bandulo yokwanira: zithunzi 1,000 za 4 MB chimodzi zimadya 4 GB.

Malo aulere ndi 15 GB, ogawana pakati pa Photos, Drive ndi Gmail, ndipo backup ya WhatsApp pa Android imadyanso pomwepo. Kusunga kopanda malire kunatha pa 1 Juni 2021. Malo a 15 GB aja akadzaza, zithunzi zimasiya kukwera ndipo maimelo amasiya kulowa. Pa iPhone, iCloud imapereka 5 GB yokha.

Chenjerani ndi kufufuta. Mukafufuta chithunzi mu Google Photos, chimachoka mu foni ndi pa intaneti pomwe, kungoti chimakhala mu Trash masiku osachepera 30. Pofuna malo mu foni, gwiritsani ntchito Free up space. Lembani imelo ndi pasiwedi papepala, ikani nambala yobwezeretsera akaunti, ndipo musaisiye zaka 2 osalowamo chifukwa Google imatha kuifufuta.

Mafoni amakono amasunga zinthu mobisa, moti bodi ikafa kutulutsa zithunzi n'kovuta kwambiri. Ngati foni yanu imalola OTG, kutanthauza kuzika fulashi pa foni, gulani fulashi ndi kaadaputa kake, muzikopera foda ya DCIM, imene mumakhala zithunzi za kamera, mwezi uliwonse. Zithunzi zofunika kwambiri tumizani kwa m'bale ngati Document pa WhatsApp kuti zisachepetsedwe, ndipo zingapo kazitsukitseni papepala.

Ndaona fulashi ya 1 TB pamsika, yotchipa kuposa ya 64 GB ya m'shopu. Ndigule?

Musagule. Zoterezi zimakhala ndi 8 kapena 16 GB mkati, koma zinakonzedwa kuti zizinamiza kompyuta. Malo enieniwo akadzaza, mayina a mafayilo amaonekabe koma zithunzi sizitseguka, ndipo palibe pulogalamu yozibweza. Fulashi kapena memori khadi iliyonse yatsopano muiyese pa kompyuta ndi pulogalamu ya H2testw isanalandire chithunzi ngakhale chimodzi: imalemba mpaka kudzaza n'kuwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Pa 64 GB zimatha kutenga ola limodzi kapena awiri. Ikapambana mayeso, ifomateni posankha exFAT, osati FAT32, chifukwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB, ndipo vidiyo ya ukwati imadutsa pamenepo mosavuta.