Superman sanali wankhanza, anali pa malonda

Owerenga wina wandilembera imelo. Akuti anapeza komiki (kabuku ka nkhani za zithunzi) yakale yomwe pachikuto pake Superman akuzunza mnzake weniweni, koma atawerenga anapeza kuti nkhani ndi ina. Funso lawo: "Kodi amenewa sankabera ana?"

Achimwene, kubera kunalipo ndithu, koma tione kaye mmene malondawa ankayendera. M'zaka za m'ma 1950 ku America, komiki inkagulidwa masenti 10, ili mbwee pamodzi ndi zinzake pamalo ogulitsira nyuzipepala. Zotsala, wogulitsa ankazibweza, yoluza n'kukhala kampani. Choncho chikuto chinkayenera kumukola mwana asanadutse.

Ku DC Comics, kampani yosindikiza komiki za Superman, akonzi monga Mort Weisinger ndi Julius Schwartz nthawi zambiri ankayamba ndi chikuto. Akapeza chithunzi chodzidzimutsa, m'pamene ankauza mlembi kuti apeke nkhani yochifikitsa pamenepo. Mlembiyo aone yekha potulukira.

Taonani Superman's Pal Jimmy Olsen nambala 30 ya 1958. Superman watenga Jimmy kukhala mwana wake, Jimmy wamugulira mkanjo ngati mphatso, ndipo pachikuto bamboyo akuutentha ndi maso, mnyamata akulira. M'katimo zimachitikadi. Chomwe chikuto chinabisa n'chakuti Superman anamva molakwika ulosi wa makina ake, n'kuganiza kuti adzawononga mwanayo, ndiye ankachita dala nkhanzazo kuti Jimmy amuthawe, apulumuke. Njira zina zozembera zinali maloto, loboti yofanana ndi Superman, kapena mwala wofiira wa kryptonite womwe unkamusokoneza kwa kanthawi.

Za anyani ndiye musanene. Komiki ya Strange Adventures nambala 8 ya 1951 inali ndi gorila pachikuto ndipo inayenda malonda kwambiri, basi magorila anangoti balala pazikuto za DC.

Ana nawo sanali ogona. Atazolowera kupusitsidwa, zikuto zina zinayamba kulumbira kuti ulendo uno si maloto, si nthabwala ayi. Wamalonda akafika polumbira chotere, dziwani kuti ogula anayamba kale kumukayikira.

Ine zikuto ngati cha Jimmy sindizida, chifukwa zimakupatsa mwambi ndipo nkhani imaumasulira, ngakhale mokakamiza. Zomwe zimandinyansa ndi zija zoonetsa ndewu yomwe m'buku monsemo mulibe. Ngati yanuyo ndi yotero, ana a nthawi imeneyo anaberedwadi masenti awo.