Mwana wafika ku Joni, koma m'mimba mukumupota m'mawa uliwonse

Mayi wina wa ku Tembisa, lokeshoni ya kufupi ndi Joni, wandilembera imelo sabata yatha. Mwana wake wamwamuna wa zaka 13 wakulira kwa agogo ake ku Mangochi, ndipo wafika ku Joni mu Januwale. Malo anapezeka pa sukulu ya boma, koma m'mawa uliwonse mwana akuti m'mimba mukupota. Loweruka ndi Lamulungu ali bwinobwino. Tsopano sukulu yatumiza fomu ya zaumoyo yoti mayi asainire, pomwe mwanayo alibe mapepala. Funso lawo ndi lakuti: asainire, kapena amusunge kaye pakhomo mpaka azolowere?

Mayi, musamusunge pakhomo. M'kachipinda ka lendi, inu muli kuntchito tsiku lonse, mwana azolowera khoma ndi foni basi.

Ndiyambe ndi mantha a mapepala. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati maphunziro oyambira ndi ufulu wa munthu aliyense, silinena kuti wa nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, komwe kale kunkatchedwa Grahamstown, linagamula kuti mwana sayenera kukanizidwa malo kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa chosowa setifiketi ya kubadwa kapena pemiti. Mlanduwo unakasumidwa ndi Centre for Child Law, bungwe lomenyera ufulu wa ana. Pamene mapepala palibe, afidaviti yolumbira kuti mwanayu ndi ndani imalandiridwa. Sindikunena kuti kalaliki aliyense wa pa ofesi ya sukulu amazidziwa kapena kuzikonda zimenezi. Ena amakuyang'ana kuyambira kumapazi. Koma lamulo lili kumbali ya mwana wanu.

Fomu ija ndi ya ndondomeko ya zaumoyo m'sukulu imene boma linakhazikitsa mu 2012. Anamwino amabwera kudzayeza maso, makutu, mano ndi kakulidwe ka ana, amapereka mankhwala a njoka zam'mimba ndi katemera, ndipo kuyambira 2014 atsikana amabayidwa katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Popanda siginecha ya kholo, namwino amamudumpha mwanayo. Sainirani. Ngati buku lake la kuchipatala linatsala kwa agogo, auzeni alitumize ndi a basi kapena alijambule tsamba ndi tsamba pa WhatsApp.

Tsopano za m'mimbamo. Matenda odziwa kalendala chonchi, opuma pa wikendi, kawirikawiri amakhala mantha. Koma musafulumire kumunena kuti akunama, chifukwa ululu wa mantha umapwetekadi. Komanso mwana wokulira ku Mangochi wasambira m'nyanja moyo wake wonse. Mukapita naye ku kiliniki nenani zimenezo momveka, ndipo mupemphe kuti amuyeze likodzo. Namwino wa ku Gauteng, chigawo chimene kuli Tembisa, sangaliganizire msanga mukapanda kumuuza kumene mwana wachokera. Mumufunsenso mwanayo mwakachetechete ngati anaonapo magazi pokodza. Anyamata a msinkhu umenewu sanena okha.

Akapezeka kuti alibe kanthu, funso likhale lina: chikumudikira n'chiyani kusukuluko? Mwana wa mchemwali wanga atafika kuno anatha temu yonse osalowa m'chimbudzi cha pasukulu, chifukwa n'komwe anyamata ankamutsekereza n'kumamutchula kwerekwere, mawu onyoza anthu ochokera kumayiko ena. Ankangopirira mpaka kuweruka, ndipo madzi anasiya kumwa kuti asamve mkodzo. Pa mzere wa chakudya sankaimanso, poopa kuti akayankhula amuzindikira. Ife tinkangoona botolo la madzi likubwerera lodzaza, osadziwa tanthauzo lake. Tinadzamva kwa mphunzitsi wa kalasi yake, amene anaona kuti pa buleki mwanayo amatsala pa desiki.

N'chifukwa chake ndimati mphunzitsi wa kalasi ndiye woyamba kumuona, osati ahedi. Pitani nokha, musatume kakalata. Muuzeni kumene mwana wachokera, amene anamulera, ndi chinenero chimene amalota nacho. Aphunzitsi ambiri akaona mwana wachete amangoti ndi wofooka m'kalasi, pomwe mwanayo akumenyana ndi Chingerezi cha kamvekedwe kena, Chizulu cha pabwalo ndi Chiafrikaans cha m'buku nthawi imodzi. Kenako funsani za School-Based Support Team, gulu la aphunzitsi limene sukulu iliyonse ya boma iyenera kukhala nalo. Ndi iwo angakhazikitse mwana pafupi ndi mnzake womuthandiza, kutsata nkhani ya omuzunza, kapena kuitana wa zachisamaliro cha anthu kuchokera ku ofesi ya maphunziro ya m'deralo. Dzinalo mulitchule momwemo, chifukwa mukalitchula amadziwa kuti simunabwere kudzangodandaula.

Funsaninso ngati akudya. Sukulu zambiri za m'malokeshoni zimapereka chakudya chaulere, ndipo safunsa pasipoti pa mphika. Koma mwana wozolowera nsima ya utaka akhoza kukankha mbale ya samp (chimanga chokonola chophika) ndi soya, n'kukhala ndi njala mpaka madzulo. Njala nayo imapota m'mimba.

Pali chinthu chimodzi chimene sukulu singakuchitireni. Mwanayu wasiya mayi amene amamudziwa, ndiwo agogo aja, n'kubwera kwa mayi amene ankangomva mawu awo pafoni. Sindikukuweruzani, ambirife tinachita chimodzimodzi kuti ana adye. Koma musamakhumudwe akamafuna agogo ake. Muikireni tsiku loti aziyankhula nawo, inu mutatuluka panja.

Mulembereninso nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana pafoni, yomwe ndi 116, mkati mwa chikuto cha kope lake. Ndi yaulere, ndipo akhoza kuimba yekha pa zimene sangathe kukuuzani panopa. Mukakaonana ndi mphunzitsi uja mudzandilemberenso, ndimve kuti anakulandirani bwanji.