Kope la mawu ovuta ndi malikisi a chimangirizo

Mayi wina wa ku Lizulu wandilembera pa imelo. Mwana wake wa Fomu 4 ali ndi kope lodzaza mawu ovuta a Chingerezi ndi miyambi, amaloweza usiku uliwonse, koma malikisi a chimangirizo sakukwera. Akufunsa ngati amugulire dikishonale yaikulu.

Mayi, kope limenelo ndikulidziwa bwino. Ndinaphunzitsapo Chichewa ndi Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo chaka chilichonse linkandipeza. Ndinkachonga zimangirizo m'mwezi wa Juni, zala zitauma ndi chisanu, chofunda chili m'mapewa. Mnyamata wina, wanzeru ndithu, ankayamba ndime iliyonse ndi mwambi. Mutu ukhale wa kudula mitengo, ukhale wa ukwati wa ana, iye ndi "mutu umodzi susenza denga" basi. Ukamufunsa kuti dengalo likukhudzana bwanji ndi makala, ankangomwetulira.

M'kalasi lomwelo munali mtsikana wa ku Bembeke wosayankhulayankhula. Nditawapatsa mutu wa matalala, anzake analemba kuti mvula inagwa, mbewu zinawonongeka, anthu anavutika. Iye analemba kuti bambo ake atakumba kachewere anapeza matumba atatu pamene ankayembekezera khumi, choncho ngongole ya feteleza inawatengera mbuzi. Palibe mawu achilendo pamenepo. Koma chiganizo chimodzi chanyamula nthawi, chifukwa ndi zotsatira, ndipo wowerenga akuiona mbuziyo ikutuluka m'khola.

Tsono chilungamo chake, ofufuza sali kumbali yanga kwathunthu. Mu 2010 Danielle McNamara ndi anzake ku America anayeza zimangirizo za ophunzira a ku yunivesite ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Coh-Metrix. Zimene zinapata malikisi ambiri zinali ndi ziganizo zolukidwa mozama, mawu osiyanasiyana, komanso mawu osapezekapezeka. Zizindikiro za kulumikizana kwa ziganizo, zimene ife aphunzitsi timakuwa nazo tsiku ndi tsiku, sizinasiyanitse zabwino ndi zofooka. Wina angati, mwaona, kope lija n'lolondola! Ayi. Mwana wowerenga kwambiri mawu amamubwerera okha pamalo pake, ndipo wochonga amaona kuwerengako. Woloweza amawaika ngati chigamba cha suti pa kabudula wa kumunda. Ndikunenetsa, makope amenewa akupha ana athu, ndipo mphunzitsi wolembetsa mndandanda wa mawu pabolodi kuti ana aloweze akungothawa ntchito yochonga.

Ndikudziwa, kuchonga n'kowawa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi anasefukira, ndipo m'sukulu zambiri zoyendera laibulale ndi kabati imodzi yokiyidwa, kiyi ali ndi ahedi amene apita ku boma. Mwana awerenga chiyani? Komabe pa mayeso a MANEB za kabatiyo safunsa. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale masamu atakhoza ndi 1. Nkhani ya kabati yokiyidwayo imandipsetsa mtima kuposa zonse, koma tiisiye kaye.

Nanga muchite chiyani?

Dikishonale musagule msanga. Ndalamayo igule nyuzipepala ya Loweruka, ngakhale yakale, aziwerenga nkhani imodzi n'kukufotokozerani m'Chichewa pamene mukuphika. Sabata iliyonse alembe tsamba limodzi pa chinthu chimene wachiona ndi maso, monga mkangano wa mitengo ya kabichi pamsika wa Lizulu, kenako akuwerengereni mokweza. Akapuma pamene palibe mpumiro kapena mpatuliro, aikepo. Mukasochera, muimitseni mumufunse kuti "chifukwa chiyani?" Yankho limene akupatseni pakamwa ndi limene likusowa m'ndimemo, alilembe. Ndipo kope lija musalitaye, koma mawu aliwonse olowamo azibwera ndi chiganizo chonse chimene anawapezamo.