Za ulendo wa ku Guangzhou: kwererani ku Lilongwe, ndipo tikiti ikhale imodzi

Achemwali, mwafunsa ngati kuchokera ku Ulongwe, kwathu kuno ku Mozambique, kuli bwino kukwerera ndege ku Chingodzi, bwalo la ndege la ku Tete, kapena ku Lilongwe popita ku Guangzhou kukapikula katundu, chifukwa chake tikiti ya ku Tete imadula chonchi, komanso za viza. Ine ndiyankha za ndegezo, poti njirayi ndayenda kanayi kukagula zipangizo za njinga zamoto.

Kwererani ku Lilongwe. Kuchoka pa Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo mukafika ku Chingodzi ulendo wa ku China sunayambe n'komwe, chifukwa ndege ikutengerani kaye kummwera, ku Maputo kapena ku Johannesburg, kenako mubwererenso kumpoto pa ndege ina. Pamene pa Calómuè, pa malire ndi Malawi, m'pakhomo pathu, Dedza ndi Lilongwe n'kufupi, ndipo pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mumakwera Ethiopian yopita ku Addis Ababa, kumeneko n'kusintha kulowa ya ku Guangzhou. Ulendo wanga womaliza ndinalipira madola pafupifupi 1,200 kupita ndi kubwera. Mitengo imasinthasintha, makamaka nyengo ya chionetsero cha malonda cha Canton mu Epulo ndi Okutobala. Tikiti ya Tete ndi Maputo yokha, m'dziko lathu lomwe lino, inandidyerapo mametikali cha m'ma 30,000.

Amene ayankha kuti ogulitsa matikiti a ku Tete ndi akuba sanalondole kwenikweni. Ena ndi osasamala, ndifika pamenepo, koma mtengo sakhazika ndi iwo. Gwero lake ndi malamulo. Malinga ndi mgwirizano wa ku Chicago wa 1944, dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga mwake, ndipo ndege ya dziko lina siingangotera pomwe yafuna. Maboma awiri amayamba akhala pansi n'kugwirizana kuti kampani iti itere pa bwalo liti, kangati pa sabata. Ndipo ngakhale italoledwa kutera, siiloledwa kunyamula anthu kuchoka mzinda wina kupita mzinda wina m'dziko la eni ake. Zili ngati minibasi ya ku Dedza: ikhoza kutula anthu pa malire, koma singabwere kudzaima pa siteji ya chapa pa Ulongwe n'kumaitanira a ku Moatize. N'chifukwa chake Ethiopian imatera ku Maputo ndi ku Beira koma singakutengeni kuchoka ku Beira kupita ku Maputo.

Kuti kampani yakunja iziuluka m'kati mwa dziko, iyenera kulembetsa kampani konkuno n'kupeza chilolezo ku IACM, bungwe la boma loyang'anira za ndege. Zinachitikapo, ndipo ambiri mukukumbukira. Fastjet inayamba kuuluka muno kumapeto kwa 2017, Ethiopian Mozambique Airlines inatsatira mu Disembala 2018, ndipo onse awiri ankatera ku Chingodzi. Nthawi imeneyo ndinakwerapo ya ku Maputo pa mtengo umene sindinauonenso mpaka lero. Koma Fastjet inaleka mu 2019, inayo mu 2021 nthawi ya Covid, njira zikuluzikulu za m'dziko n'kutsalira LAM, kampani ya ndege ya dziko lathu. Wogulitsa akakhala mmodzi pamsika, simunenerera. Komanso ambiri okwera pa Chingodzi ndi a migodi ya malasha ku Moatize, amene tikiti amawalipirira ndi makampani awo, ndiye palibe chokakamiza mtengo kutsika.

Palinso nkhani ya umwini. Mapangano ambiri a pakati pa maiko amafuna kuti kampani youluka m'dzina la dziko ikhale m'manja mwa eni dzikolo, gawo lalikulu ndi ulamuliro womwe. Onani kwa anzathu kutsidyaku: Air Malawi itagwa, Malawian Airlines (lero Malawi Airlines) inayamba mu 2014, boma la Malawi kutenga magawo 51 pa 100, Ethiopian 49. Malire a 49 amenewo si mwangozi. Ku Ulaya nakonso akunja sapitirira pamenepo, ndipo ku America, komwe boma linasiya kulamula mitengo ndi njira za ndege mu 1978, akunja saloledwa kupitirira 25 pa 100 ya masheya okhala ndi voti. Kwathu kuno mu 2025 boma linalola kuti HCB, kampani ya magetsi ya ku Songo, CFM ya njanji ndi madoko, ndi EMOSE ya inshuwalansi agule masheya a LAM. Ndalama za magetsi a Cahora Bassa, za chigawo chathu chomwe chino, zili mmenemo, ndiye ine ndimaona kuti a ku Tete tili ndi pakamwa pofunsira ndege zokwanira ndi mitengo yoti munthu wamba n'kufikira.

Wina walemba kuti dikirani pang'ono, mlengalenga mwa Africa anatsegula kale, mitengo itsika. Musaimike geni yanu chifukwa cha zimenezo. Mfundo ya Yamoussoukro yotsegula mlengalenga mwa Africa ndi ya 1999, SAATM, pangano la msika umodzi wa ndege mu Africa, analikhazikitsa ku Addis Ababa mu Januwale 2018 ndipo Mozambique inasaina, koma papita zaka zonsezi maboma akutetezabe makampani awo. Ndipo ngakhale atatsata zonse, panganolo ndi la maulendo a pakati pa dziko ndi dziko, silikhudza Tete ndi Maputo.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse. Musalole munthu akugulitseni matikiti awiri osiyana pa ulendo umodzi. Ulendo wanga woyamba ndinakwerera ku Chingodzi. Wogulitsa wina mumzinda wa Tete anandipatsa mapepala awiri, lina la Tete mpaka Johannesburg, lina la Johannesburg kupita kutsogolo pa kampani ina, akuti motero n'zotchipa, ndipo maola awiri a pakatipo ndi okwanira. Nditafika ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, ndinauzidwa kuti chikwama changa chathera pomwepo. Ndinayenera kuima pamzere wodinditsa pasipoti, kukatenga chikwama pa lamba, kukwera nacho pamwamba kukachiperekanso. Pofika pa kauntala anali atatseka. Mayi amene anali pamenepo anayang'ana pepala langa, n'kundiuza mwaulemu kuti kampani yawo ilibe mangawa ndi ine, poti matikitiwo sakudziwana. Ndinagona pa benchi chikwama chili kumutu, ndalama za katundu nditazimanga m'chiuno, m'mawa n'kudula madola oposa 300 pa mpamba wanga kuti andisinthire tsiku. Wogulitsa uja foni sanayankhenso. Tikiti ikakhala imodzi, chikwama amachilemba mpaka komwe mukupita, ndipo ndege yoyamba ikachedwa amakuikani pa yotsatira popanda kulipiranso.

Musanapereke ndalama, onani kuti pepalalo lili ndi nambala ya tikiti ya manambala 13, osati kakhodi ka malembo 6 kokha. Kakhodiko kangangotanthauza kuti akusungirani mpando, ndipo kamafufutika ndalama zikapanda kufika ku kampani.

Pa Calómuè, dinditsani pasipoti mbali zonse ziwiri. Tinazolowera kungowoloka ngati tikupita kumsika wa ku Dedza, koma ku Lumbadzi akafuna kuona chidindo cholowera m'Malawi, ndipo chikasowa mungatsale ndege ikupita. Wolokani dzulo lake, mukagone ku Lilongwe kapena pa Lumbadzi pomwepo. Khadi yachikasu ya katemera muiike m'kati mwa pasipoti, osati m'chikwama chachikulu. Pobwerera, katundu wolemera mutumize pa kontena kudzera ku Beira. Makilo opitirira pa ndege amalipiritsa mowawa, ndipo katundu wamalonda mukatera naye ku Lilongwe mukhala ndi a kasitomu a maiko awiri musanafike pa Ulongwe.