Dzina ndi la ku Milan koma anasokera ku Dhaka: kodi kuchimake kwa zovala ndi kuti?

Mayi wina amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Akuti akatsegula belo amapezamo kawirikawiri malaya okhala ndi dzina la kampani ya ku Italy, ku France kapena ku America, koma akasuzumira kalebulo ka m'kati amapeza palembedwa kuti chovalacho chinasokedwa ku Bangladesh, ku Vietnam kapena ku Cambodia, ndipo makasitomala ena akaona zimenezi amawanena kuti akugulitsa zafeki. Akufuna kudziwa ngati zovala zoterozo zilidi zachinyengo, komanso kuti kuchimake kwenikweni kwa mafashoni padziko lapansi ndi kuti.

Mayi, ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Zovala zachinyengo zilipo ndithu ndipo zimapezeka ngakhale m'mabelo, koma kusiyana kwa dziko la kampani ndi dziko limene chovala chinasokedwa si umboni wa chinyengo ayi. Umu ndi mmene malonda a zovala akuyendera masiku ano: kumene amaganizira kasokedwe ndi kuika dzina ndi kwina, kumene amaomba nsalu ndi kwina, kumene amasoka ndi kwinanso, ndipo makampani akuluakulu monga H&M ya ku Sweden ndi Nike ya ku America alibe mafakitale awoawo osokera, amangopereka maoda kwa eni mafakitale a m'mayiko ena. Choncho funso lanu lachiwiri lili ndi mayankho angapo, malinga ndi gawo la ntchito limene mukufunsa.

Tikanena za kumene kuli mayina ndi kumene masitayilo amayambira, anthu amatchula mizinda inayi: Paris, Milan, London ndi New York. Kawiri pa chaka, cha mu February mpaka March komanso mu September mpaka kumayambiriro kwa October, mizindayi imachititsa zionetsero za zovala motsatizana, kuyambira ku New York, kenako London, Milan, n'kutsiriza ndi Paris, ndipo atolankhani ndi ogula a masitolo akuluakulu amayenda nawo mzinda ndi mzinda kukaona zimene zidzavalidwe miyezi yakutsogolo. Paris ndiye mkulu pa onsewa. M'chaka cha 1858 telala wa ku England dzina lake Charles Frederick Worth anatsegula nyumba yosokera ku Paris, ndipo m'malo modikira kuti kasitomala amuuze chosoka, iye ankapanga masitayilo ake, n'kuwaveka atsikana kuti olemera aone ndi kusankhapo, ndiponso ankasokerera dzina lake m'chovalacho. Kuyambira pamenepo dzina la wosoka linasanduka katundu wogulitsa payekha. Ku France mpaka lero si aliyense angatchule zovala zake kuti haute couture, chifukwa pali malamulo ofuna kuti kampani ikhale ndi malo osokera ku Paris, isoke chovala molingana ndi thupi la mwini wake, ndiponso ionetse zovala zatsopano kawiri pa chaka.

Ogula zovala za mtundu umenewu ndi ochepa kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Madiresi odabwitsa aja amene timawaona pa intaneti sindiwo amabweretsa ndalama zochuluka. Ntchito yawo yaikulu ndi kukweza dzina kuti anthu ambirimbiri agule mafuta onunkhira, zikwama, nsapato, malamba ndi magalasi okhala ndi dzina lomwelo. Mayina ambiri otchuka alinso m'manja mwa makampani ochepa: LVMH, yomwe inakhazikitsidwa mu 1987 ndipo amaitsogolera Bernard Arnault, ndiyo mwini wa Louis Vuitton ndi Dior, pamene Kering, ya ku France komweko, ndiyo mwini wa Gucci, ngakhale kuti Gucci inayambira ku Florence m'dziko la Italy.

New York inapeza mwayi wake pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene atolankhani sankatha kupita ku Paris, ndipo mu 1943 Eleanor Lambert anakonza sabata yoonetsa zovala za osoka a ku America. London imadziwika ndi masuti a mumsewu wa Savile Row ndi masukulu ophunzitsa luso la zovala monga Central Saint Martins. Milan yokha ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa mphamvu yake ili pa matauni oizungulira ndi ena a m'dziko la Italy amene amapangadi zinthu: Como ndi wotchuka ndi silika, Biella ndi nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo Prato, kufupi ndi Florence, ali ndi mafakitale a nsalu ambirimbiri. Izi ndizo zinathandiza osoka monga Giorgio Armani, amene anayamba kampani yake mu 1975, kuti apeze nsalu zabwino pakhomo. Koma ku Prato komweko kuli mashopu osokera ochuluka a anthu ochokera ku China, kutanthauza kuti ngakhale lebulo yonena kuti chovala chinasokedwa ku Italy siikuuzani zonse za manja amene anachigwira.

Tsopano tikanena za kumene makina osokera akulira usana ndi usiku, mizinda inayi ija ilibe mbali yaikulu. China ndiyo imagulitsa zovala zambiri kunja kuposa dziko lina lililonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zovala zonse zodutsa malire, ndipo pambuyo pake pakubwera Bangladesh ndi Vietnam, kenako mayiko monga Turkey, India, Cambodia ndi Indonesia. Ambiri amati chinasamutsa ntchitoyi ndi kutsika kwa malipiro basi. Ndi zoona, koma pali chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira mu 1974 panali pangano lotchedwa Multi-Fibre Arrangement, limene linkaika malire pa kuchuluka kwa zovala zimene mayiko ambiri ongotukuka kumene akanagulitsa ku America ndi ku Ulaya. Mayiko amene anali patsogolo, monga South Korea, Taiwan ndi Hong Kong, akafika pa malire awo ankakatsegula mafakitale m'mayiko amene anali asanadzaze gawo lawo. Ndi mmene kampani ya Daewoo ya ku South Korea inagwirizanirana ndi Desh Garments ya ku Bangladesh n'kutenga anthu 130 mu 1979 kukawaphunzitsa ntchito ku Korea, ndipo ambiri mwa iwo pambuyo pake anakayambitsa mafakitale awo. Lero zovala zimabweretsa ndalama zoposa 80 pa 100 zilizonse zimene Bangladesh imapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo ntchitoyi yalemba anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi.

Malire aja anachotsedwa pa 1 January 2005, China italowa kale m'bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO mu December 2001, ndipo kuyambira pamenepo mpikisano unakhala wa mtengo ndi liwiro. Zara ya ku Spain, imene likulu lake lili ku Arteixo m'chigawo cha Galicia, inasonyeza kuti sitayilo ikhoza kuchoka papepala n'kufika m'sitolo m'masabata ochepa, ndipo pofuna liwiro limenelo imasoketsa zovala zake zambiri pafupi, ku Spain, Portugal, Morocco ndi Turkey. Shein, imene inayambira ku China, yafika pena poikiratu masitayilo atsopano ochuluka pa intaneti tsiku ndi tsiku, kudalira mashopu ang'onoang'ono osokera a ku Guangzhou, mzinda womwewo umene amalonda ambiri a ku Africa, kuphatikizapo Amalawi, amakapikulako katundu.

Kutchipa kumeneku pali amene amakulipira. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Savar, kufupi ndi Dhaka, likulu la Bangladesh, momwe munali mafakitale osokera makampani a ku Ulaya ndi ku America, inagwa ndi kupha anthu oposa 1,100, ngakhale kuti ming'alu inali itaoneka dzulo lake. Ngoziyo inachititsa kuti makampani ambiri asainire pangano loyendera nyumba za mafakitale, ndipo chitetezo chinapita patsogolo ndithu, koma malipiro sanakwere kwenikweni: kumapeto kwa 2023, ogwira ntchito atachita zionetsero, malipiro otsikitsitsa anakwezedwa kuchoka pa 8,000 taka (ndalama ya ku Bangladesh) kufika pa 12,500 taka pamwezi. Nkhaniyi ikufanana ndi ya mlimi wa fodya wa ku Kasungu, amene amakhetsa thukuta chaka chonse koma phindu lalikulu limakatsalira kwa mwini dzina lolembedwa pa paketi ya ndudu.

Africa ili ndi mbali yake pa kusoka, ngakhale ndi yochepa. Lamulo la America la AGOA, lomwe linayamba mu 2000, linalola zovala zochokera m'mayiko ambiri a ku Africa kulowa ku America popanda msonkho, ndipo Lesotho, Kenya ndi Madagascar anapindula nalo. Mafakitale a ku Maseru, likulu la Lesotho, ambiri mwa iwo a anthu a ku Taiwan, akhala akusoka majinzi a Levi's. Ethiopia inatsegula malo aakulu a mafakitale ku Hawassa mu 2016, koma itachotsedwa pa AGOA mu January 2022 chifukwa cha nkhondo ya m'chigawo chake cha Tigray, maoda anachepa ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Kwathu kuno thonje timalima ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, koma lochuluka limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, lisanasanduke ulusi kapena nsalu.

Belo limene mumatsegula, Mayi, ndi gawo lotsiriza la ulendo womwewu. Anthu a ku Britain, America, Germany ndi mayiko ena olemera amagula zovala zambiri kuposa zimene angavale, n'kupereka zotsala ku mabungwe achifundo, amene amagulitsa zochepa m'masitolo awo ndipo zina zonse amazigulitsa kwa makampani osankha zovala. Kusankhako kumachitika m'mayiko omwewo kapena ku Pakistan, India ndi United Arab Emirates, kumene amazipatula malinga ndi mtundu ndi ubwino wake, n'kuzipanikiza m'mabelo, kenako n'kuzikweza m'makontena opita kumadoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2016 zoti athetse malondawa pofuna kuteteza mafakitale awo, koma America itaopseza kuti iwachotsera mwayi wa AGOA ambiri anabwerera m'mbuyo, kupatula Rwanda, imene inakakamira misonkho yake yokwera ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho.

Kasitomala akadzakayikiranso chovala chanu, musalimbane naye pa dziko lolembedwa pa lebulo. Muonetseni msoko wam'kati ngati ulusi wayenda mowongoka ndi mothinana, zipi ndi mabatani ngati ndi zolimba, kalembedwe ka dzina ngati zilembo zake zili zolondola, komanso kalebulo ka m'mbali kofotokoza mtundu wa nsalu ndi kachapidwe kake, chifukwa opanga zachinyengo amakonda kuchita ulesi pa zinthu zimenezi. Chimene chiyenera kukukayikitsani ndi dzina la makampani a zovala zodula kwambiri monga Chanel kapena Hermès pa chovala cha nsalu yopyapyala ndi msoko wokhotakhota, pakuti makampani amenewo amasoketsabe katundu wawo wambiri ku France ndi ku Italy.