Yankho kwa alamu pa za waya wa kuthanki ndi kompyuta yakale ija

Alamu, ndamva funso limene mwafunsa m'gulu muno m'mawa uja, lakuti kodi mungalumikize swichi ya m'thanki yanu yamadzi ku Kalongwezi mu Chipata ndi kompyuta yakale imene mwasunga, kuti izikuuzani madzi akadzaza. Zimenezo n'zotheka, koma ndikupemphani kuti musagwire waya uliwonse musanamve mawu anga onse.

Choyamba onetsetsani kuti mukuyang'ana malo oyenera. Malowo ndi game port, polumikizira pamene pali kumbuyo kwa makompyuta akale. Ili ndi mabowo 15 m'mizere iwiri, pamene polumikizira sikirini palinso mabowo 15 koma m'mizere itatu. A IBM anaipanga mu 1981 kuti anthu azilumikizapo joystick yamasewera, ndipo imangomva zinthu ziwiri: kutsekeka kwa swichi, ndi kusintha kwa resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) yofika pa 100k ohms. Siinapangidwe kuti izilandira magetsi ochokera kunja, kaya ndi 12 volts ya batire ya sola, kaya ndi 230 volts ya m'nyumba. Pa mfundo imeneyi ndiye pagona nkhani yonse.

Mabowo a mabatani ndi 2, 7, 10 ndi 14, ndipo ground, kumene magetsi amabwerera, ili pa 4 ndi 5. Kompyuta imasunga yokha 5 volts pa bowo la batani, ndipo swichi ikalumikiza bowo 2 ndi bowo 4, imadziwa kuti batani lakanikizidwa. Mabowo 12 ndi 15 muwasiye, chifukwa pa makhadi a mawu monga Sound Blaster anawapatsa ntchito ya MIDI, yolumikizira zida zoimbira. Amene ndimawaopa kwambiri ndi 1, 8 ndi 9, pakuti amatulutsa 5 volts yochokera mkati mwa makinawo, ndipo pa makhadi ambiri akale palibe fyuzi yowateteza. Ine ndinawotchapo khadi zaka zapitazo pamene kachingwe kamodzi kochokera pa bowo 1 kanakhudza chitsulo cha pulagi. Ndinangomva fungo, kanjira ka mkuwa katapsa kale. Manambala analembedwa pa pulasitiki ya pulagiyo, choncho muwerenge amenewo, chifukwa mukaitembenuza kuti muwotcherere mawaya, bowo limene linali kumanja limakhala kumanzere.

Tsono thanki yanu ili kutali ndi nyumba, ndipo mukudziwa mmene mphezi zimachitira kuno mvula ikayamba mu Novembala. Waya wautali wodutsa pabwalo umatola mphamvu ngakhale mphezi itagwa patali, n'chifukwa chake sindikufuna kuti waya umenewo ufike pakompyuta mwachindunji. Pakati pake muikepo optocoupler yotchedwa PC817, kachipangizo ka miyendo inayi kamene kamapezeka m'machaja ambiri a foni akufa, ndipo okonza mawailesi ku msika wa Kapata angakuchotsereni kamodzi. Mkati mwake muli kanyali ndi kaswichi komva kuwala, moti uthenga umawoloka koma mbali ziwirizo sizikhudzana. Waya wa positive wa batire yapadera udutse pa swichi ya m'thanki, kenako pa resistor ya 1k, n'kufika pa mwendo 1 wa PC817, ndipo mwendo 2 ubwerere ku negative ya batire. Mwendo 4 upite ku bowo 2 la game port, mwendo 3 upite ku bowo 4. Negative ya batire musailumikize ndi ground ya kompyuta, chifukwa mukatero mwagwetsa mpanda umene mwamanga. Ngakhale zili choncho, mphezi ikagunda pafupi PC817 singalimbe, choncho kukayamba kugunda muzizula pulagiyo.

Ntchito yonseyi muichite kompyuta ili yozima ndiponso yozulidwa kukhoma. Mukamaliza, pimani ndi mita yopimira magetsi kuti bowo 1 silikukhudzana ndi 4 kapena chitsulo cha pulagi, ndipo munditumizire chithunzi cha mawayawo m'gulu muno kuti ndione musanayatse.